Kuteteza kapaipi ka mkodzo pochotsa chiberekero: mafunso ndi mayankho

Opaleshoni yochotsa chiberekero kudzera pa timabowo ting'onoting'ono ta pamimba yafala m'maiko ambiri, ndipo zifukwa zake n'zomveka: chilonda chimakhala chaching'ono, ululu umachepa, mayi amatuluka m'chipatala msanga. Koma pali chiwalo chimodzi chimene madokotala a amayi amagona nacho tulo tochepa, chomwe sichidwala n'komwe pamene mayi akulowa m'chipinda cha opaleshoni. Ndi kapaipi kotsitsa mkodzo kuchokera ku impso.

Chiberekero ndi mkodzo zikukumana pati?

Zimakumana chifukwa choyandikana. Munthu ali ndi impso ziwiri, ndipo impso iliyonse ili ndi kapaipi kake kotsitsira mkodzo ku chikhodzodzo, kamene madokotala amati ureter. Kutalika kwake ndi masentimita 25 mpaka 30, koma kunenepa kwake ndi mamilimita 3 kapena 4 okha. Sikayenda poyera ayi. Kamadutsa kuseri kwa nembanemba yokuta m'kati mwa mimba, ndipo kakafika m'chiuno kamakumana ndi ntchito ya dokotala pa malo atatu. Poyamba, pamene kakulowa m'chiuno, kamayenda mbali ndi mbali ndi mitsempha ya magazi yopita ku thumba la mazira, mitsempha imene iyenera kumangidwa ngati thumbalo likuchotsedwa. Kachiwiri, pambali pa khomo la chiberekero, kamadutsa pansi penipeni pa mtsempha waukulu wodyetsa chiberekero, pa mtunda wa sentimita imodzi ndi theka kapena awiri kuchokera pa khomolo, ndipo mwa amayi ena mtundawu umachepa kuposa pamenepa. Kachitatu, kasanalowe m'chikhodzodzo, kamatsamira kumtunda kwa njira yoberekera, pomwe dokotala amadula ndi kusoka pomaliza. Choncho palibe sitepe yaikulu ya opaleshoniyi imene imachitikira kutali ndi kapaipika. N'chifukwa chake mwa timapaipi tonse timene timavulala pa opaleshoni, toposa theka timavulala pa maopaleshoni a ziwalo za amayi.

Kamavulala bwanji pamene dokotala sakung'amba mimba?

Pa opaleshoni ya timabowo, mimba imafufumitsidwa ndi mpweya wa carbon dioxide, kamera imalowa pa kabowo ka pamchombo, ndipo zitsulo zazitali zimalowa pa timabowo tina tiwiri kapena titatu. Dokotala amagwira ntchito akuyang'ana pa sikirini. Woyamba kuchotsa chiberekero mwa njirayi anali Harry Reich ku Pennsylvania, m'dziko la America, mu 1988. Zabwino zake zilipo: kamera imakulitsa zinthu, moti timitsempha timene diso silingaone timaoneka bwinobwino. Chimene chimatayika ndi zala. Pa opaleshoni yong'amba, dokotala amatha kukafinya kapaipika pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala n'kukazindikira ngakhale asanakaone, pomwe pa ya timabowo wangotsala ndi maso.

Kuvulala kwake kulipo kwa mitundu ingapo. Kakhoza kudulidwa, kumangidwira limodzi ndi mtsempha wa magazi, kupindidwa ndi ulusi wosokera, kapena kusendedwa timitsempha take tokadyetsa n'kufa pang'onopang'ono. Koma vuto lenileni la opaleshoni ya timabowo ndi moto. M'malo momanga mitsempha ndi ulusi, madokotala ambiri amaitseka poiwotcha ndi zipangizo za magetsi, ndipo kutentha sikuthera pa malo pomwe chopanira chagwira. Kumafalikira mamilimita angapo m'mbali. Kapaipi kowauka motero kamaoneka kabwinobwino tsiku la opaleshoni, mkodzo n'kumadutsa, kenako pakapita masiku malo owaukawo amafa n'kubooka.

Ndiye n'zoona kuti opaleshoni ya timabowo ndi yoopsa kuposa yong'amba?

Zinali zoona kwambiri pa zaka zoyambirira, ndipo amene amakana zimenezi sakuthandiza aliyense. Dziko la Finland ndi limene lili ndi mbiri yomveka bwino, chifukwa limasunga kaundula wa zovuta za opaleshoni m'dziko lonse. Pa maopaleshoni oposa 62,000 ochotsa chiberekero amene anachitika kuyambira 1990 mpaka 1995, kapaipika kanavulala mwa amayi pafupifupi 14 pa 1,000 alionse ochitidwa ya timabowo, pomwe pa yong'amba ndi yodzera ku njira yoberekera chiwerengerocho sichinafike ndi mmodzi yemwe pa 1,000. Kafukufuku wotchedwa eVALuate, amene anachitika m'zipatala za ku Britain ndi ziwiri za ku South Africa ndipo anatuluka mu 2004, anapezanso kuti zovuta zazikulu zinagwera amayi 11.1 peresenti pa ya timabowo poyerekeza ndi 6.2 peresenti pa yong'amba. Wina akaima pamenepa anganene kuti nkhani yatha, tibwerere ku mpeni.

Koma mbiri ya ku Finland ikupitirira. Mu 1996 kuvulala kwa kapaipika pa ya timabowo kunali pa 1.1 peresenti, ndipo atawasiyanitsa madokotalawo anapeza kuti amene anali atachita maopaleshoni otere osapitirira 30 ankavulaza 2.2 peresenti, pomwe amene anapitirira 30 ankavulaza 0.5 peresenti. Pofika 2006 chiwerengero cha dziko lonse chinali chitatsika kufika pa 0.3 peresenti. Thupi la mayi wa ku Finland silinasinthe m'zaka khumi zimenezo. Zipangizo zinasinthako ndithu, koma kusiyana kwa pakati pa odziwa ndi ophunzira kunaoneka m'chaka chimodzi, onse akugwiritsa ntchito zitsulo za nthawi imodzi. Apa ndi pamene pagona mfundo ya nkhani yonseyi: ngozi yaikulu ili m'manja ndi m'maso a wogwira chitsulo, ndipo imachepa dokotala akaphunzira kudziwa pomwe kapaipika kali pa sitepe iliyonse. Tinenenso mongodutsa kuti ngati chiberekero chingatuluke bwino kudzera ku njira yoberekera, bungwe la madokotala a amayi ku America la ACOG limati njira imeneyo ndiyo iyambe kuganiziridwa. Kamera si yofunika pa mayi aliyense.

Nanga dokotala wosamala amachita chiyani kwenikweni?

Amayamba wakaona kapaipika asanadule kalikonse. Munthu wokumba maziko pa puloti pomwe akudziwa kuti pansi padutsa paipi ya madzi sangoponya piki mwa chiyerekezo, amayamba wafukula pang'onopang'ono mpaka ataiona. Mayi akagonekedwa chopendekera kumutu kuti matumbo atsetserekere kumtunda, dokotala amaloza kamera m'mbali mwa chiuno, pomwe mtsempha waukulu wa magazi umagawikana pawiri. Pamenepo kapaipika kamaonekera kuseri kwa nembanemba, kotuwira, ndipo akadikira pang'ono kapena kukagunda mofatsa ndi chopanira, kamadzikunga n'kumasuka pokankha mkodzo. Mtsempha wa magazi umagunda motsata mtima, kapaipika kamakwawa. Akakazindikira amakalondola ndi maso mpaka pomwe kalowera pansi pa mtsempha wa chiberekero, mbali zonse ziwiri, ndipo amabwereranso kudzakayang'ana nthawi iliyonse asanayatse moto pafupi. Ngati sikakuoneka chifukwa cha mafuta, zipsera kapena chotupa, amatsegula nembanembayo n'kukafunafuna. Reich mwiniwake ankaphunzitsa zoyamba ndi kupatula kapaipika.

Chachiwiri ndi kukulitsa mtunda. Munthu amene anthu saganizira n'komwe ndi wothandizira wokhala kumiyendo kwa mayi, amene wagwira chitsulo cholowa m'chiberekero chokhala ndi kakapu kozinga khomo lake. Ntchito yake ndi kukankhira chiberekero kumtunda, cha kumutu kwa mayi, mosalekeza. Akakankha bwino, malo odulira mtsempha amakwera n'kutalikirana ndi kapaipika. Mkono ukatopa n'kufooka pa mphindi imene dokotala akuwotcha, mtunda uja umatha popanda aliyense kuzindikira. Dokotala naye amayamba watsitsa chikhodzodzo kuchichotsa pa khomo la chiberekero, zimene zimakokera timapaipi pansi ndi kumbali, amasenda mtsempha wa chiberekero kuti agwire mtsempha wokhawokha osati mtolo wa minofu yosadziwika za m'kati mwake, ndipo akaudula, zonse zotsatira amazichitira m'kati mwa chitsa chake, kufupi ndi chiberekero. Moto amayatsa pang'onopang'ono, mwa kanthawi kochepa, n'kudikira chitsulo chizizire asanachitsamiritse pena.

Chachitatu ndi kudzigwira magazi akatuluka. Timapaipi tambiri tavulala pa mphindi imene mtsempha wapulumuka, sikirini yafiira, dokotala n'kupana ndi kuwotcha mu dziwe la magazi osaona chimene wagwira. Chofunika ndi kupsinja malowo, kupopa magazi, kuona kumene akuchokera ndi pomwe kapaipi kali, kenako n'kutseka.

Alipo madokotala amene amatsutsa ponena kuti kutsegula nembanemba mwa mayi aliyense kumatalikitsa opaleshoni, kukhoza kutulutsa magazi, ndiponso kukhoza kusenda timitsempha todyetsa kapaipi komweko. Akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake kuona sikutanthauza kukavula kapaipika chikuto chake. Pomwe kakuoneka bwino kuseri kwa nembanemba, maso akwanira, ndipo pofunika kukapatula kasiyidwe ndi minofu yake yokazinga. Komabe dokotala amene sanazolowere kutsegula malo amenewa pa tsiku la mtendere sangawatsegule bwino pa tsiku la magazi. Luso limeneli liyenera kuphunziridwa pa maopaleshoni osavuta, pamaso pa wodziwa.

Ndani ali pa chiopsezo chachikulu?

Mayi aliyense amene ziwalo zake zasunthidwa pa malo ake. Matenda a endometriosis amapanga zipsera zimene zimakokera kapaipika kufupi ndi chiberekero, nthawi zina mpaka kukamangirira. Zotupa zikuluzikulu za chiberekero, makamaka zomera pa khomo kapena m'mbali, zimatha kukakankhira kwina, ngakhale kukanyamula pamwamba pa chotupacho. Zotupa zoterezi zimapezeka kwambiri ndiponso zimakula kwambiri mwa amayi akuda. Onjezerani maopaleshoni am'mbuyo monga ya mwana, matenda akale a mafinya m'chinena, khansa, ndi thumba la mazira lomatirira ku khoma la chiuno. Koma musanamizike kuti mayi wopanda zonsezi ndi wotetezeka. Kuvulala kochuluka kumachitika pa maopaleshoni amene aliyense ankawaona ngati wamba, ndipo chifukwa chake sichovuta kumva: pa opaleshoni yovuta dokotala amakafunafuna kapaipika, pa yophweka amaganiza kuti akudziwa kale pomwe kali.

Bwanji osangolowetsa kachubu m'kapaipimo opaleshoni isanayambe?

Nzeru imeneyi imamveka bwino m'khutu, ndipo inayesedwa. Kachubu kotchedwa sitenti kamalowetsedwa kudzera m'chikhodzodzo kukwera mpaka ku impso, kuti kapaipika kalimbe n'kuzindikirika msanga. Ku Taiwan, pa kafukufuku wa zaka 12 amene anatuluka mu 2009, amayi 3,141 anagawidwa mwa maere, ena kuikidwa kachubu ena ayi. Kuvulala kunali 1.20 peresenti mwa oikidwa ndi 1.09 peresenti mwa osaikidwa, kutanthauza kuti panalibe kusiyana. Komanso kachubu kali ndi mavuto ake: magazi mu mkodzo, kupweteka, matenda, nthawi yoonjezera ndi ndalama. Kali ndi malo ake pa opaleshoni yovuta kwambiri, monga ya endometriosis yozama, pomwe kangathandize kupeza kapaipi kokwiririka m'zipsera. Masiku ano kulinso machubu owala, ndiponso utoto wa indocyanine green umene umathiridwa m'kapaipimo n'kumawala wobiriwira pa kamera yapadera. Zonsezi zimathandiza diso, koma palibe chimene chimaletsa kutentha kufalikira, ndipo kachubu kakhoza kumupatsa dokotala chidaliro chimene alibe nacho chifukwa.

Nanga kuunika m'chikhodzodzo pomaliza kumateteza?

Kuteteza sikuteteza, chifukwa kumachitika ntchito itatha, koma kumagwira vuto mayi akadali m'tulo. Dokotala amalowetsa kamera yaing'ono pa njira yokodzera n'kuyang'ana timabowo tiwiri tomwe timapaipi timalowera m'chikhodzodzo. Kapaipi kamoyo kamalavula mkodzo mwamphamvu pakapita kanthawi kalikonse, ndipo utoto wobayidwa m'magazi kapena womwa umathandiza kuti kulavulako kuoneke. Mbali imodzi ikangokhala duu, ndiye kuti pena pamangika kapena paduka. Ntchitoyi imatenga mphindi zochepa, ndipo bungwe la AAGL mu 2012 linalangiza madokotala kuti aziiganizira pa mayi aliyense wochotsedwa chiberekero chonse mwa timabowo. Otsutsa amati kuvulala n'kosowa, moti amayi mazanamazana aziunikidwa kuti papezeke mmodzi, ndipo kafukufuku wina wa mu 2001 anawerengera kuti kuunika aliyense kumabweza ndalama pokhapokha kuvulala kukapitirira pafupifupi 2 peresenti. Amatinso kapaipi kowauka kapena kopindika pang'ono kamalavula mkodzo bwinobwino pa tsikulo, moti kuunika kumakaphonya. Mfundo yachiwiriyi ndi yamphamvu ndipo dokotala aliyense aisunge. Yoyambayo imawerenga ndalama za chipatala n'kuiwala mayi amene abwerere ndi impso yotupa. Maganizo anga ndi akuti pomwe kamera ilipo, chikhodzodzo chiunikidwe pa opaleshoni iliyonse yovuta, iliyonse imene magazi anavutitsa pafupi ndi khomo, ndi iliyonse imene dokotala watsala ndi kachikayiko ngakhale kakang'ono. Chosayenera ndi kudula mosaona n'kumati tidzaunika pomaliza.

Ndikukodza bwinobwino, ndiye kuti zonse zili bwino?

Ayi, ndipo chikhulupiriro chimenechi chawonongetsa impso zambiri. Impso zilipo ziwiri, choncho kapaipi kamodzi kakamangidwa, impso inayo imapitiriza kudzaza chikhodzodzo, pomwe yotsekedwayo ikutupa. Mwa amayi ena imafa mwakachetechete popanda ululu woti n'kudandaula nawo. Zizindikiro zoyenera kuthamangira nazo ku chipatala ndi kupweteka kwa m'mbali mwa msana pansi pa nthiti, kutentha thupi, mimba yofufuma ndi kusanza, mkodzo wochepa kapena wa magazi, ndi madzi otuluka kumaliseche mosalekeza usana ndi usiku. Pa kapaipi kowauka zimenezi zimatha kuyamba patapita sabata imodzi kapena ziwiri, mayi ali kale kunyumba. Kudontha kwa kapaipi kuli ndi khalidwe lake: mayi amanyowa nthawi zonse koma amamvabe mkodzo n'kukodza monga mwa masiku onse, chifukwa mbali inayo ikutsirabe m'chikhodzodzo. Ku chipatala amathira utoto wa buluu m'chikhodzodzo n'kuika thonje m'njira yoberekera. Thonje likada ndi utoto, bowo lili pa chikhodzodzo. Likanyowa koma osasintha mtundu, mkodzo ukuchokera ku kapaipi. Sikani ya impso ndi ya CT zimatsimikizira malo ake.

Kakavulala kamakonzeka?

Kamakonzeka, ndipo nthawi zambiri bwinobwino. Kuvulala kwakung'ono kumapola poika sitenti kwa milungu ingapo. Kakaduka kufupi ndi chikhodzodzo, monga zimakhalira kawirikawiri pa opaleshoniyi, dokotala amakabzala pa malo atsopano m'chikhodzodzomo, ndipo kakafupika amakokera chikhodzodzocho kumtunda kuti zikumane. Kakaduka kumtunda amalumikiza nsonga ziwirizo. Kusiyana kwakukulu kuli pa nthawi. Vuto lopezeka pa tebulo limathera m'tulo tomweto, pomwe lopezeka mochedwa limabweretsa matenda, fisitula (bowo lodonthetsa mkodzo), kachubu koboola kumsana kotulutsira mkodzo, opaleshoni yachiwiri, mwinanso kutaya impso.

Kodi kuvulala kotere ndi umboni woti dokotala analakwitsa?

Si nthawi zonse. Pali chiuno chimene khansa kapena endometriosis yamata zonse pamodzi, moti ngakhale katswiri wotani akhoza kuvulaza kapaipi pochita zoyenera. Koma mawu akuti "zimachitika" asakhale chobisalira. Pali mafunso oyenera kufunsidwa mwachilungamo: kapaipika kanafunidwa n'kuonedwa? Zitavuta, anaitanidwa wodziwa kuposa, kapena anasintha n'kung'amba mimba nthawi ikadalipo? Kusintha kotero si kulephera, ndipo mayi ayenera kuuzidwa zoti zingachitike asanasaine. Ndiye pali funso lachitatu, limene kulakwa kwake n'kovuta kukhululukira: mayi atabwerera akudandaula za msana kapena kunyowa, anamumvera, kapena anangomupatsa mankhwala opha ululu n'kumuuza kuti chilonda chikupola? Dokotala amene amalemba ndi kuwerenga zovuta zake, monga anachitira a ku Finland, ndi amene chiwerengero chake chimatsika.

Kuno kwathu, komwe ambiri amang'ambidwa mimba, zikutikhudza bwanji?

Ku Malawi ndi maiko oyandikana nawo, chiberekero chimachotsedwa kwambiri mwa kung'amba, nthawi zina mwadzidzidzi pamene chaphulika kapena magazi akana kuleka pobereka. Koma kapaipika kali pa malo omwewo, ndipo lamulo lokaona ndi lomwelo. Dokotala wa ku Netherlands, Thomas Raassen, ndi anzake anafalitsa mu 2014 zimene anapeza mwa amayi 5,959 ochitidwa opaleshoni ya fisitula m'maiko 11, ambiri a mu Africa. Mwa iwo munapezeka zovulala 805 zochokera ku opaleshoni yam'mbuyo osati ku kubereka kovuta, ndipo pafupifupi chimodzi mwa zitatu zilizonse chinali cha kapaipi ka mkodzo. Zambiri zinatsatira maopaleshoni a uchembere. Choncho chipatala chimene chikuganiza zogula zipangizo za opaleshoni ya timabowo chiike patsogolo maphunziro, woyang'anira ophunzira pa maopaleshoni awo oyambirira, ndi kaundula wa zovuta, chifukwa popanda zimenezi tidzabwereza zaka zoyambirira za ku Finland pa matupi a amayi athu.

Inu amene mukuyembekezera opaleshoni, muli ndi ufulu wofunsa adokotala kuti achitapo maopaleshoni otere angati, kuti pa thupi lanu pali chimene chikuwonjezera chiopsezo, ndiponso kuti mubwerere kwa ndani zikavuta. Ndipo ngati inu kapena m'bale wanu wayamba kudontha mkodzo pambuyo pa opaleshoni iliyonse ya m'mimba, musadikire kuti zisiya zokha kapena kubisala m'nyumba ndi manyazi. Bwererani ku chipatala msanga, nenani momveka tsiku limene zinayamba, ndipo pemphani kuti impso ziunikidwe. Ku Lilongwe, pa chipatala cha Bwaila, pali malo othandizira amayi a fisitula.